WITCH: Anyamata a ku Kitwe Amene Anagwedeza Dziko ndi Magitala

Dzina lokha linali lokwanira kudetsa nkhawa makolo. M'zaka za m'ma 1970, mnyamata kapena mtsikana wa Kumigodi akapempha cilolezo cokaonera gulu lochedwa WITCH, amai ake anali ndi cifukwa comveka cogwirira pakamwa, pakuti m'Cingerezi liu limeneli litanthauza mfiti. Koma anyamata a gululi sanali otamba ai. Zida zao zinali magitala a magetsi, ng'oma za cizungu ndi limba, ndipo malembo asanu a dzina lao anawamasulira kuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti colinga cao cinali kuutsa cipwirikiti. Cipwirikitico anaciutsadi m'maholo a ku Kitwe, Ndola, Kabwe ndi Lusaka kwa zaka zingapo, kenaka anazimirira, kotero kuti ana obadwa m'zaka za m'ma 1990 anakula osamvako za iwo. Lero gulu lomweli liimba m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Amereka, pamaso pa anthu amene sadziwa n'komwe kumene kuli Kitwe. Inu awerengi acikulire mudzakumbukira zambiri mwa zimene tisimbe pano. Inu acinyamata, funsani atate anu kumene anali kupita Loweruka madzulo asanakwatire, ndipo muone ngati sadzamwetulira.

Mkuwa ndi magitala

Pamene Zambia analandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, linali dziko limodzi mwa maiko a cuma cooneka mu Africa, ndipo cumaco cinali kucokera pa cinthu cimodzi: mkuwa. Ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse zimene dziko linali kupeza pogulitsa katundu kunja zinali za mkuwa. M'makomboni a migodi munali magetsi, maholo a zosangalatsa, makalabu a anchito, ndi malipiro obwera mwezi ndi mwezi. Munthu wogwira nchito pansi pa nthaka anali kutha kugula wailesi ndi galamafoni, ndipo mng'ono wake wa pa sukulu anali kumvetsera mbale za The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath mpaka singano kutha. Mu Disembala 1970 James Brown wa ku Amereka anabwera yekha kudzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo anyamata ambiri amene anamuona akuvina anabwerera kwao ali ndi maganizo atsopano pa zimene munthu wakuda angacite pa nsanja.

Panalinso cina cimene sitiyenera kuiwala. Ku migodi kunasonkhana Abemba, Ansenga, Acewa, Alozi, Atonga, Alunda, Akaonde, ngakhalenso anthu a ku Malawi, Tanzania ndi Congo. Ana ao anakulira pamodzi m'mizere ya nyumba zofanana, kutali ndi gule wa kumudzi kwa makolo ao. Nyimbo za magitala a magetsi sizinali za mtundu uliwonse mwa mitundu imeneyi, motero zinakhala za onse. Ici ndico cifukwa cake magulu ambiri a nthawi imeneyo anabadwira Kumigodi, ndipo ambiri anayamba ndi kuimba m'Cingerezi.

WITCH inabadwira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kucokera m'kagulu kena kochedwa Kingston Market. Oimba amene anthu awakumbukira kwambiri ndi a Chris Mbewe pa gitala yotsogolera, a John Muma pa gitala yaciwiri, a Gedeon Mulenga pa gitala ya besi, a Boidi Sinkala pa ng'oma, a Paul Mumba pa limba, ndi a Emmanuel Chanda amene anali kuimba ndi mau. A Chanda anali munthu wosakhazikika pa nsanja: kudumpha, kukwera paliponse pokwereka, kudzigwetsa pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu. Oonerera anawafanizira ndi Mick Jagger wa The Rolling Stones, ndipo dzinalo, litapindika pa lilime la kuno, linasanduka Jagari. Ndilo dzina limene adziwika nalo kufikira lero.

Cimbale cao coyamba, Introduction, cinatuluka mu 1972. Anacijambula ku Chingola, m'situdiyo ya Malachite imene nchito yake yeni-yeni inali ya mafilimu a ku migodi, ndipo popeza panthawiyo kuno kunalibe makina oumbira mbale, matepi anacita kutumizidwa ku Nairobi. Mbalezo zitabwera, anyamata anali kuzigulitsa okha pa malo oimbira. Womvetsera cimbale cimeneci lero amva msanga kuti ndi nchito ya ana ophunzira kumene: mau a zida aphimbana, ndipo nyimbo zina zifanana kwambiri ndi za azungu amene anali kuwatsanzira. Komabe ciwerengedwa pakati pa zimbale zoyamba kutulutsidwa ndi gulu la oimba la m'Zambia muno, ndipo cinatsimikizira anyamata ena onse kuti zimenezi n'zotheka.

Mau a Lazy Bones

Pambuyo pa In the Past ca mu 1974 panabwera Lazy Bones!! mu 1975, cimene ambiri, ndi ifenso tibvomereza, aciyesa cimbale cao copambana. Panthawiyi zinthu zinali zitasintha. Ku Lusaka kunali situdiyo ya DB, ku Ndola kampani ya Teal inali kuumba mbale, ndipo a Edward Khuzwayo a Zambia Music Parlour anali kutulutsa ndi kugulitsa nyimbo za magulu a kuno m'masitolo ao. Woimba wa m'Zambia tsopano anali kutha kujambula, kuumbitsa ndi kugulitsa nyimbo zake osaoloka malire.

N'cobvuta kufotokoza kamvekedwe ka nyimbo pa pepala, koma tiyeni tiyese. Gitala ya magetsi payokha ilira moyera ngati belu. Oimba a nthawi imeneyo anali kuilumikiza ku kabokosi koponda ndi phazi kochedwa fuzz, kamene kathyola mau a gitala kuti amveke okhakhala, ngati cimphepo ca njuci zolusa kapena nsalu yolimba ikamang'ambika. Panalinso kena kochedwa wah-wah, kamene kacititsa gitala kulira ngati mwana wakhanda. Zipangizo zimenezi zinacokera ku England ndi ku Amereka, ndipo aliyense wokhala ndi ndalama akanatha kuzigula. Cimene sicinagulidwe m'sitolo ndi zimene zinali kucitika pansi pa gitalayo. Woomba ng'oma amene anakulira pakati pa magule a kwathu sawerenga kugunda monga mzungu. Amaika kugunda kwina pakati pa kugunda kunzake, ndipo besi imayenda mozungulira-zungulira, kubwereza kamzere kamodzi mpaka miyendo ya womvera iyamba yokha. Motero nyimbo za WITCH zili ndi mutu wa ku London koma ciuno cake n'ca kuno. Mungazimvetsere mutakhala pansi monga acitira azungu ndi nyimbo za Black Sabbath, koma sizinapangidwire zimenezo.

Mitu ya nyimbo za m'cimbale cimeneci ionetsa kuti anyamatawa sanali a cipwirikiti cokha. Muli Motherless Child ndi Black Tears, nyimbo za cisoni, ndipo nyimbo imene inapatsa cimbale dzina lake idzudzula ulesi, cinthu cimene agogo aliyense a kumudzi akanagwirizana naco akanamva Cingerezi. Pano tinganene mopanda mantha kuti makolo ambiri amene analetsa ana ao kumvera WITCH sanamvetsereko mau a nyimbozo. Anaona tsitsi lalitali losapesa bwino, mabuluku otambalala kumapazi ndi nsapato za zidendene zazitali, naweruza mlandu.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iwonso anali okonda kuimba ndi gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dziko zikhale za m'Zambia. Colinga cinali kuteteza cikhalidwe ca dziko ku nyimbo za kunja, ndipo mwina akulu-akulu anali kuyembekezera kumva ng'oma ndi kalimba. Cimene cinacitika n'cakuti oulutsa mau anasowa nyimbo zokwanira kudzaza maola onse, natembenukira kwa anyamata a magitala. Lamulo lotsekera kunja nyimbo za rock linakhala khomo lolowera rock wa kuno. Malemu a Manasseh Phiri, dokotala amene analinso muulutsi wa pa wailesi, ndiwo adziwika kuti anapatsa nyimbozi dzina lakuti Zamrock. Zaka zimenezo zinabala zambiri: Musi-O-Tunya ndi a Rikki Ililonga, Amanaz ndi cimbale cao cimodzi cokha cochedwa Africa ca mu 1975, a Paul Ngozi ndi Ngozi Family amene anaimba kwambiri m'Cinyanja ca m'makomboni a Lusaka, a Keith Mlevhu amene anali kuliza okha zida zonse pa zimbale zao. WITCH nayo inayamba kutembenukira ku zakwathu. Cimbale ca mu 1976 anacicha Lukombo Vibes, ndipo lukombo m'Cibemba ndi cikho comwera.

Coko kapena maikolofoni

Mu 1977 gululi linatulutsa cimbale cacisanu, cimene munali nyimbo yochuka ya Janet. Ca panthawi yomweyi a Jagari anacita cinthu cimene cinadabwitsa owatsatira: anapita kukaphunzira uphunzitsi wa nyimbo pa Evelyn Hone College ku Lusaka. Maphunziro ndi maulendo a bandi sizinathe kuyendera pamodzi, ndipo iwo anasiyana ndi gulu limene anali nkhope yake.

Tiyenera kuima pang'ono pa cisankho cimeneci, cifukwa cionetsa bwino m'mene moyo wa woimba unalili. Kuchuka kunalipo, koma kuchuka sikugula unga. Zida zinali zodula ndipo kawiri-kawiri zinali za mwini hotela kapena za woyang'anira gulu, ndalama za pa khomo zinali kugawidwa pakati pa anthu ambiri, ndipo za malipiro a woimba nyimbo yake ikaulutsidwa kapena kugulitsidwa, ndi ocepa amene anali kuzimvetsa. Pamwamba pa izo panali manyazi. M'mabanja ambiri woimba wa m'bandi anali kuonedwa ngati cidakwa ndi woyendayenda, munthu wosayenera kupatsidwa mwana wamkazi wa eni ake. Mphunzitsi anali ndi nyumba ya boma, malipiro a mwezi ndi ulemu m'mudzi. Mnyamata woganiza za banja akanasankha ciani? Ena anganene kuti a Jagari anataya mphatso yao. Koma tikaona zimene zinagwera anzao m'zaka zotsatira, sitingafulumire kuwaweruza.

Otsalawo anapitiriza. Analandira oimba atsopano, pakati pao a Patrick Mwondela pa limba, nasiya rock kutsata disco amene anali atagwira dziko lonse. Movin' On ca mu 1980 ndi Kuomboka ca mu 1984 ndi zimbale zosalala, zoimbidwa mwaluso, koma n'zosiyana kotheratu ndi zoyamba zija, moti womvera wosadziwa sangakhulupirire kuti ndi gulu limodzi. Citatuluka Kuomboka, WITCH inatha.

Cakudza siciimba ng'oma

Cimene cinapha Zamrock si cinthu cimodzi. Coyamba cinali mkuwa womwe uja. Mtengo wake unafika pamwamba mu 1974, kenaka unagwa kwambiri pofika 1975, panthawi imene mtengo wa mafuta unali utakwera kuyambira 1973. Ndalama zakunja zinasowa, ndipo cinthu ciliconse ca woimba wa rock, kuyambira nsambo za gitala mpaka pulasitiki youmbira mbale, cinali kucokera kunja. Banja limene liima pa mzere kufuna sopo ndi mafuta ophikira silingaganize zogula cimbale.

Caciwiri cinali nkhondo ya anansi athu. Zambia anasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe ndi maiko ena a kumwera, ndipo analipira mtengo wake. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973. Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a Ian Smith anaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka naukiranso msasa wa ku Mkushi, kumene a Alick Nkhata, tate wa nyimbo za pa wailesi m'dziko muno, anaphedwa. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa nyali m'mizinda. Bandi imadya za usiku. Oimba anayesa kuimba masana, kapena kutsekera anthu m'holo mpaka m'mawa, koma nchito inali itaonongeka. Eni mabawa anaona kuti munthu mmodzi woliza mbale za disco ndi wochipa kuposa anyamata asanu ndi zida zao. Makaseti ojambulidwa mwakuba anadzaza misika, makampani a mbale nafooka. Ndipo anthu eni ake anatembenukira ku kalindula wa a P.K. Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi ena, nyimbo zimene zinalankhula za mabvuto ao m'zilankhulo zao. Pa ici palibe codandaula, pakuti kalindula ndi cuma cathu ndithu.

Cotsiriza ndico cowawa koposa, ndipo palibe banja la awerengi athu limene silicidziwa. Matenda a Edzi analowa m'dziko m'zaka za m'ma 1980, panthawi imene kunalibe mankhwala ndipo anthu anali kuopa ngakhale kuchula dzina lake. A Kaunda anathyola cete ameneyu mu 1987 pamene anaulula poyera kuti mwana wao Masuzgo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi matendawa. Oimba, anthu a maulendo ndi a usiku, anakhudzidwa koopsa. M'zaka zocepa mbadwo wathunthu wa odziwa gitala unalowa m'manda, ndipo pamodzi nao panapita luso limene silinalembedwe m'buku lililonse. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa oimba oyamba a WITCH, a Jagari okha ndiwo anatsala. Iwo anadzipereka ku cipembedzo ca Cikristu, ndipo uphunzitsi utatha anayamba kukumba miyala ya mtengo wapatali m'chire, ndi piki ndi fosholo, monga acitira anthu osauka ambiri. Munthu amene kale apolisi anali kucita kuletsa khamu pa khomo kuti amuone anali tsopano mkulu wamba wofumbira m'dzenje.

Mlendo ndi kalumo kakuthwa

Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. M'zaka za m'ma 2000 anthu osonkhanitsa mbale zakale ku Ulaya ndi ku Amereka anayamba kupeza zimbale za m'Zambia, zokalika-kalika ndi zodyedwa ndi ciswe m'makona, nadabwa kuti nyimbo zotere zinacokera kuti. Kampani ina yaing'ono ya ku Germany inatulutsanso zingapo. Kenaka Eothen Alapatt wa kampani ya Now-Again ku Los Angeles anafunafuna oimba otsala amoyo, napangana nao. Mu 2010 anatulutsa nyimbo za a Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya pansi pa mutu wakuti Dark Sunrise, mu 2012 anasonkhanitsa zimbale zisanu zoyamba za WITCH m'bokosi limodzi, ndipo mu 2017 anatulutsa magawo awiri a Welcome to Zamrock! okhala ndi magulu osiyana-siyana pamodzi ndi mbiri yao yolembedwa.

Pano pali cotiyamikiritsa, palinso cotichititsa manyazi. Tiyamika kuti alendowa anafuna eni nyimbo m'malo mongokopa mwakuba, ndipo oimba ena okalamba analandirako kanthu pa nchito imene anaiyesa yotayika. Koma tidzifunse: zinatheka bwanji kuti mbiri ya nyimbo za dziko lathu ikalembedwe ku California? Matepi ambiri oyambirira anatayika kapena kuonongeka makampani atatsekedwa. Mbale zimene zinali m'nyumba zathu tinazitaya posamuka, ana anaziponya m'mwamba ngati zoseweretsa, zina tinagulitsa pa mtengo wa botolo la Fanta kwa anthu amene anali kudziwa bwino cimene anali kugula. Lero cimbale ceni-ceni ca Zamrock ca m'zaka za m'ma 1970 cipezeka mosabvuta m'kabati ya munthu wa ku Tokyo kapena Berlin kuposa m'nyumba ya ku Wusakile. Ngati m'nyumba mwanu mukali katoni ya mbale za malemu atate anu, musaiike pa dzuwa kapena pa cinyontho, muziimike cilili osati kuzisanjikiza, ndipo musafulumire kuzipereka kwa woyamba kugogoda.

Kubwerera kwa a Jagari pa maulendo oimba ndi gulu latsopano la WITCH kunadza kupyolera mwa mnyamata wa ku Italy, Gio Arlotta, amene anamva nyimbozi nabwera kudzawafuna ndi kamera. Anabweretsa oimba awiri a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nic Mauskoviç, amene sanali obadwa pamene Lazy Bones!! cinatuluka koma anali ataphunzira nyimbo zake zonse. A Patrick Mwondela, amene anali atakhazikika ku England, anagwirizana nao, motero mbali ziwiri za mbiri ya gululi, ya rock ndi ya disco, zinakumana pa nsanja imodzi kwa nthawi yoyamba. Anayenda ku Ulaya mu 2017, ndipo filimu yosimba moyo wao inatuluka mu 2019.

Alipo amene afunsa ngati gulu lokhala ndi azungu pa besi ndi pa ng'oma lingachedwebe WITCH. Funsoli si lopusa. Kugunda kwa a Boidi Sinkala kunapita nao kumanda, ndipo palibe sukulu imene ingakubweze. Koma tikumbuke kuti anyamata a ku Kitwe aja anayamba ndi kutsanzira anyamata a ku London, amenenso anali kutsanzira anthu akuda a ku Mississippi ndi Chicago, zidzukulu za akapolo ocokera ku Africa. Nyimbo imeneyi yaoloka nyanja kambiri, ndipo pa ulendo uliwonse yabwera itasintha.

Mu 2023, patapita zaka 39 cicokere Kuomboka, WITCH inatulutsa cimbale catsopano cochedwa Zango. Sanacijambule ku Amsterdam kapena ku Los Angeles ai, koma ku Lusaka, m'situdiyo yomwe ija ya DB. Anaitana a Keith Kabwe a Amanaz, oimba acikazi Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, ndiponso Sampa the Great, mwana wa m'Zambia amene anachukira ku Australia. Sampa anali atawaitana kale pa cimbale cake ca mu 2022, As Above, So Below, m'mene mulinso nyimbo ya Never Forget yolemekeza oimba a Zamrock. Mu 2024 woimba wochuka wa ku Amereka, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977, Nizakupanga Ngozi, naciika m'nyimbo yake ya Noid. Acinyamata ambiri a ku Matero ndi Chawama anamva mau a Paul Ngozi kwa nthawi yoyamba pa mafoni ao, m'nyimbo yocokera ku Amereka, mwini wake atagona m'manda zaka 35.

A Jagari tsopano apyola zaka 70, ndipo oonerera acitira umboni kuti miyendo yao ikali yosakhazikika. Cimbale ca gululi ca mu 2025 anacicha Sogolo, monga anenera anthu a m'tauni amene ameza cilembo coyamba ca liu lakuti tsogolo.